Malalanje Anga Amene Anabala Mandimu

Ana inu, chiperoni, kamvula kozizira kaja, chandimanga miyendo, lero ndi tsiku lachitatu. Ndatuluka kanayi kukayang'ana kumwamba, ndipo kanayi konse agogo anu aakazi andibweza ndi pakamwa. Mpeni ndanola, khasu ndalikhomera mpini watsopano, palibenso choti ndigwire. Ndiye ndatenga kope ili kuti ndikulembereni. Ndikamakuuzani pakamwa mumayamba kutsinana, ine ndimapsa mtima, nkhani n'kuthera panjira.

Wandiyambitsa ndiwe Edina. Dzana unabwera kuchokera kusukulu diresi litang'ambika paphewa. Akuti unamenya mwana wa eni ake chifukwa anakupatsa ndimu n'kunena kuti, "Landira lalanje la agogo ako." Kumenyako sindikukuyamikira, ngakhale ndamva kuti unamugwetsa bwino. Koma mwanayo sananame. Unamenyera nkhani imene sukuidziwa. Werenga, ukatha uwawerengere azing'ono ako amene akadali pa a, e, i, o, u.

Ine sindinabadwire muno. Tinachokera kuseri kwa mapiri, kudziko la Apwitikizi, ndili mnyamata wotha kusenza. Amayi anasenza mtsuko ndi mphasa, bambo anatenga nkhwangwa ndi uta, ine anandisenzetsa mtolo wa mitengo ya chinangwa yokadzala ndi kathumba ka nyemba za kalongonda. Ndinang'ung'udza njira yonse. Anthu akuthawa, ine ndasenza nkhuni zosayaka! Tsiku lina ndinauponya patchire mtolowo. Bambo sanandimenye. Anangondiloza njira imene tinadzera, ndipo ndinabwerera ndekha kukautola. Chinangwa chimene mumachikankha ndi chala lero, mukuti chakukolani, ndi zidzukulu za mtolo umenewo. Za kalongonda sindinena n'komwe. Ameneyo amafuna kuphika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kutaya madzi kangapo, apo ayi uyenda ngati woledzera. Inu mbatata yokha simungaidikire kuti ipse, mumaidya ili gwa pakati.

Malo okhala anatipatsa ndi mzungu wa esiteti, ife n'kumamugwirira thangata. Masiku amenewo tiyi anali asanakute mapiri onsewa. Khofi ndiye ankafa pang'onopang'ono, azungu akuyesa ichi, akuyesa icho. Ine anandiponya kunazale, kumene amafesa mbewu ndi kulera mbande. Kapitao wa kumeneko anali a Namakhwa, Mlomwe mnzathu, wamfupi, wa diso limodzi, wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Ndiwo anandiphunzitsa kuthira njere za tiyi mumgolo wa madzi: zomira ndizo zamoyo, zoyandama ukataye. Anandiphunzitsa kumanga chisakasa cha udzu chosathina kwambiri, kuti dzuwa lizilowa ngati likusuzumira. Keni yothirira kunalibe. Tinkatunga ndi mitsuko, n'kumawaza ndi nthambi ya masamba, bedi ndi bedi, mpaka msana kuuma. Lero mwana akanyamula keni kawiri akuti watopa.

Chodabwitsa n'chakuti tiyi ndamulera zaka zonsezo, koma kukoma kwake sindikukudziwa. Ndili kuesiteti sankatipatsa. Nditalowa mpingo wa Sabata anatiletsa. Ndiye musandifunse.

Sukulu ndinailowa ndili ndi ndevu. Chinandipweteka chinali chikwangwani. Bwana ankazika timatabwa tolemba pamutu pa bedi lililonse, ine wothirira osadziwa kuti chalembedwapo n'chiyani. Zinandisowetsa mtendere. Ndinapita kumishoni, ndinakhala pabenchi limodzi ndi tiana tamamina, mawondo akugunda kuchibwano. Tinayamba kulemba pansi ndi chala, kenako pasileti. Ankandiseka. Wina ndinamukoka khutu, aphunzitsi anandiimiritsa pakona, munthu woti ndinali nditatomera kale agogo anu. Koma sindinasiye. Ndinakwera makalasi onse amene analipo, mpaka kalasi la aphunzitsi, Chingerezi ndinachimeza, ndipo pomaliza anandipatsa munda wa sukulu kuti ndiziphunzitsa zaulimi wa ndiwo ndi zipatso.

Ntchito ndinkaidziwa, zimenezo asakunamizeni munthu. Kabichi wanga ankalemera ngati mwana wa miyezi itatu. Ana anaphunzira kwa ine kupanga manyowa, kuokera tomato dzuwa litapepa, kupatulira mphukira za nthochi kuti phata lisadzaze. Koma ndinali ndi dzanja lofulumira ndi lilime loposa dzanja. Anandipatsa dzina loti Chitedze. Ndinkalidziwa dzinalo, ndipo kunena zoona ndinkalinyadira.

Tsono chaka china mzungu wa pamishoni, atatsala pang'ono kupita kwawo kutchuthi, anandiitanira kuseri kwa nyumba yake. Anandionetsa kumezanitsa mitengo, kumene anthu a kuesiteti amati kukwatitsa. Umatenga kamtengo ka ndimu, chifukwa mizu ya ndimu ndi yolimba. Umacheka khungwa lake, n'kulowetsamo diso la lalanje, kaja kotupa pamene tsamba lagwirira nthambi, n'kumanga. Diso likagwira umadula mutu wa ndimu, ndipo chomera pamenepo chimakhala lalanje. Anandionetsa kamodzi kokha, mofulumira, katundu wake ali kale pangolo. Anandisiyira mpeni ndi buku la Chingerezi la zithunzi. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati ndine ndalenga malalanje.

Ndinafesa mandimu ambirimbiri. Ndinalengeza m'tchalitchi kuti khomo lililonse lotumiza munthu kudzathandiza kutunga madzi ndi kututa manyowa lidzalandira mitengo ya malalanje. Anabwera a ku Nchilamwela, a ku Chimaliro, ena mpaka a ku Nsabwe kutali kuja. Makomo makumi anayi ndi atatu. Ndimawadziwa ndi mapazi anga, mumva chifukwa chake.

Buku lija linati mwezi wabwino womezanitsa ndi Juni. Sindinaime n'kuganiza kuti wolemba bukuyo Juni wa kwawo ndi wotentha, mitengo ili ndi madzi, pamene Juni wathu ndi uyu mukumuonayu, wogwedeza mano. Buku lanena, basi. Ndinafoletsa ana m'nazale m'mawa wozizira, tinayamba kucheka. Khungwa linkakana kusendeka, likumamatira kumtengo. Ndinkalikanula ndi nsonga ya mpeni mokakamiza, ndikukalipira ana kuti manja awo ndi aulesi.

A Namakhwa anadutsa tsiku limenelo, akuchokera kuchipatala cha mishoni kukatsukitsa diso lawo. Anaima kumpanda, anayang'ana nthawi yaitali.

"Aphunzitsi," anatero, munthu amene kale ankandiitana kuti iwe, "mitengoyo ikugona. Mukuidzutsiranji ndi mpeni?"

Ndinakweza buku m'mwamba kuti ana onse aone. "A Namakhwa, mungawerenge apa?"

"Iyayi."

"Ndiye pitirirani ulendo wanu."

Anapita. Patatha miyezi, mvula itagwa, anadzeranso. Ine ndinali nditadula kale mitu ya mandimu, ndipo mphukira zinali zitatuluka zobiriwira, zamphamvu, pafupi penipeni ndi pamene tinamanga. Ndinkaziwerenga m'mawa uliwonse. Mkuluyo analowa m'nazale osaodira, anathothola tsamba limodzi, analifikisa m'manja n'kundiyandikizira kumphuno.

"Tanunkhizani."

Pamaso pa ana makumi atatu! Ndinalimenya dzanjalo, tsamba linagwa. Ndinati, "Tsobola wakale sawawa, bambo. Za nazale ya tiyi zinathera komweko. Kuno ndi kusukulu." Ana anaseka, chifukwa mwana amaseka chilichonse chimene mphunzitsi waukali akufuna kuti chisekedwe. A Namakhwa anapukuta dzanja pansalu yawo, anatuluka. Sanabwerenso.

Ndikadanunkhiza, ana inu! Tsamba la ndimu limanunkha ndimu, la lalanje limanunkha lalanje. Mbuzi imadziwa zimenezo. Maso onse a malalanje anali atafera mkati mwa luzi, ndipo zimene ndinkanyadirazo zinali mphukira za ndimu yemweyo. Ndinagawa mitengo. Anthu anaisenza pamutu ngati makanda, anakumba maenje ofika m'chiuno monga ndinawalamulira, ena anazula nthochi zobereka kuti apeze malo. Anadikira zaka zinayi.

Ndinene chilungamo. Ndinaona zipatso za m'munda wa sukulu zidakali zaziwisi, khungu lake lamabampu, kumapeto kuli kansonga. Ndinazindikira kuti ndi mandimu. Koma ndinauza ana kuti umenewo ndi mtundu wa kunja, ndipo ndinasiya kudzera mzere umenewo.

Amene anaphulitsa chithupsa ndi a Jemusi a ku Nchilamwela, munthu wanthabwala, wosoka nsapato. Analowa m'kalasi dengu la zipatso za mitengo ija lili pamutu, analitula patebulo langa mwaulemu wonse, atagwada.

"Aphunzitsi, zoyamba kucha n'za mwini. Talawani."

Ndinati, "Sanapse amenewa."

"Achita chikasu, aphunzitsi. Akugwa okha. Ngakhale anyani akungowalambalala."

Ana onse maso anali pa ine. Ndinadula limodzi, ndinaliika m'kamwa. Ndinatafuna lonse, ndi njere zomwe, nkhope ili gwa, misozi ikutsika yokha. A Jemusi anafunsa kuti, "Nanga shuga wake ali bwanji?" Kalasi linaphulika ndi kuseka. Tsiku limenelo ndinalibe womumenya, chifukwa akanakhala onse.

Sabata lotsatira anthu anabwera kutchalitchi ndi mandimu m'matumba. Ankangowasiya pakhonde pathu podutsa, mmodzimmodzi, mpaka mulu. Agogo anu aakazi anawatola n'kuyamba kutsukira mbale. Ndinati, "Ukundinyoza nawenso?" Anati, "Bambo a Eliya, amayeretsa bwino. China chake munachita."

Akuluampingo anandiitana, mzungu uja ali pomwepo atabwerako kwawo. Wolankhula anali a Yeremiya, mkulu wosakweza mawu, ndipo anthu otere ndi amene ndimawaopa. Anati sukulu ndiyo yachita manyazi, chifukwa makolo akufunsa kuti ngati za mitengo zili chonchi, nanga zimene timaika m'mitu ya ana n'zotani. Anati pali mnyamata womaliza kumene kalasi la aphunzitsi amene angatenge munda. Mnyamatayo ndinamuphunzitsa ndine kugwira khasu! Ndinaimirira kuti ndiyankhe, anandikhazika pansi ndi chala chimodzi.

"Tikupatsani mpaka msonkhano wa misasa wa chaka chamawa. Makomo onse amene analandira mitengo adzanene okha pamaso pa anthu kuti zakonzeka. Likatsala limodzi, munda mwausiya."

Munda umenewo unali moyo wanga. Ndinali ndi zaka zopitirira makumi anayi. Ndikanapita kuti? Kukathyola tiyi ndi dengu kumsana, ana amene ndinawakwapula akundiloza?

Ndinapita kwa mzungu kuti andionetsenso. Anakanda mutu n'kuvomera kuti nayenso anangoonera kwa wina, sanamezanitsepo mtengo n'kugwira. Munthu yekhayo wodziwa m'dera lonse anali amene ankasamala malalanje a kunyumba ya bwana wa esiteti. Ndinadziwa dzina asanalitchule.

Ndinazengereza milungu itatu. Ndinkayenda kuzungulira nyumba, kukalipira nkhuku. Kenako Lamlungu lina, poti ife a Sabata timagwira ntchito tsiku limenelo pamene a kuesiteti amapuma, ndinanyamuka. Ndinawapeza a Namakhwa atakhala pampando wachikopa kuseri kwa nyumba, chipanda cha mowa chili pambali, anzawo atatu ali pomwepo.

"Ndani uyo wanditsekera dzuwa?"

"Ndine, bambo."

"Ine ndani? Diso langa ndi limodzi, ndiponso ndi lakale ngati tsobola."

Anzawo aja anagwa nacho chiseko. Ndinatembenuka, ndinayenda mapazi khumi, ndinaima. Ndinabwerera n'kukhala pansi, pafumbi, ndi buluku langa loyera lophunzitsira.

"Ndabwera kudzaphunzira."

"Buku latha?"

"Latha."

"Tapatseni mpeni wanuwo."

Anauyesa paubweya wa pamkono. Sunamete kanthu. Anandibwezera ngati akutaya chisa cha mbewa. "Uwu ndi wosendera chinangwa. Mukanole."

Malamlungu atatu ndinangonola mpeni. Pamwala wokhakhala, pamwala wosalala, kenako pachikopa. Ndikawapatsa, ankauyesa n'kupukusa mutu, ine kubwerera kumwala. Mtunda wonse uja kupita ndi kubwera, kukanola mpeni! Lamlungu lachinayi unameta, ndipo anandidulira mtolo wa nthambi za mabulosi kuti ndiphunzirirepo. Diso ulichotse ndi kukoka kumodzi, osacheka ngati ukudula nyama. Pochekapo usakhudze ndi chala, ugwire kaphesi ka tsamba. Iwo ankaluma kaphesiko ndi milomo pamene manja akutsegula khungwa, kuti diso lisagwe pansi. Kumanga uyambire m'munsi, luzi likwere ngati madenga a udzu, kuti madzi a mvula asalowe. Zonsezi m'buku munalibe. Iwo anaziphunzira kwa Mmwenye wina amene ankasamala munda wa bwana kalekale, ndipo anati naye ankawanoletsa mpeni mpaka kulira.

Ndinadzicheka chala chachikulu kawiri. Chipsera mumachiona chija, chimene ndinakuuzani kuti inandiluma ndi ng'ona, n'chimenecho. Ndikapsa mtima ndinkakoka mpeni mwaukali, diso n'kung'ambika. Iwo sankandikalipira. Ankangotola diso long'ambikalo n'kuliika pabondo panga, lina pambali pake, lina pambali pake, mpaka mzere. Kukalipiridwa kukanandikomera.

Ndinkafuna kuyamba pamitengo yeniyeni. Ankati dikirani. Dzuwa la Okutobala linatentha, ine ndikuwerenga miyezi yotsala. Ankati dikirani. Mvula yoyamba inagwa, yachiwiri, yachitatu. Tsiku lina anabwera okha kunyumba kuno, analowetsa chikhadabo m'khungwa la ndimu wa kuseri kwa khola, ndipo linasendeka lokha ngati la nthochi yakupsa, mkati muli noninoni.

"Wadzuka. Yambani."

Anali atapempha kwa bwana wawo nthambi za malalanje enieni, atazikulunga m'masamba onyowa a nthochi. Ndinaika maso khumi panthambi za mitengo yanga. Milungu itatu ndinaiyendera ngati munthu amene mkazi wake ali kuchikuta. Tsiku lomasula, iwo anaima kumbuyo kwanga. Asanu ndi awiri anali obiriwira, kaphesi kakugwa kokha ukakakhudza. Atatu anali akuda.

Ndinafunsa kuti, "Atatuwa chalakwika n'chiyani?"

"Amenewo munaika Jemusi atangodutsa pamsewu akuimba mluzu. Ndinakuonani."

Kuyambira pamenepo ndinakhala munthu wa m'njira. Ndikaweruka kusukulu, ndiponso Lamlungu lililonse, phukusi la nthambi kumsana, mpeni m'thumba, sowo yodulira nthambi m'manja. Njinga ndinalibe. Mitsinje yodzaza, matope ofiira ofika m'mawondo, zitunda za ku Nsabwe zimene umakwera mphuno ikugunda pansi. Khomo lililonse kawiri kapena katatu: kukaika maso, kukamasula, kubwereza pamene afa. Kuika maso anthu sankakana, poti sataya kanthu. Povuta panali podula. Diso likagwira, nthambi zonse za ndimu pamwamba pake ziyenera kugwa, mtengo wa zaka zinayi n'kutsala chitsa chokha. Munthu ankandiyang'ana, n'kuyang'ana sowo, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ulendo uja munatinso mukudziwa." Ndinkawapatsa tsamba la mphukira yatsopano kuti anunkhize okha. Ndinkawauzanso kuti buku ndi limene linalakwa, linalembedwera dziko lina. Ena ankavomera, ena ankafuna ndibwere kachiwiri. A Jemusi anandigwirira okha nthambi podula, akuimba nyimbo ya maliro.

Pofika mwezi wokolola, makomo makumi anayi ndi awiri anali atatha. Linatsala la amake Rute, mayi wamasiye wa ku Chimaliro. Anali ndi mtengo umodzi wokha, pakati pa bwalo, wosamalidwa kuposa yonse imene ndinaona. Anandilola kuika maso, ndipo anagwira onse anayi. Koma nditatulutsa sowo anati, "Bwezani m'thumba."

Ndinafotokoza. Anati ayi. Ndinapitanso patatha milungu iwiri, ndinafotokoza ndi zithunzi za m'buku. Anandipatsa madzi akumwa, anati ayi. Ndinatuma agogo anu aakazi, anabwerako ndi nkhuku ya mphatso ndi ayi yemweyo. Misasa ya msonkhano inali itayamba kumangidwa, anthu akumweta udzu, ndipo mnyamata uja ndinamuona tsiku lina ataima kumpanda wa munda wanga, akuyeza mabedi ndi maso.

Ulendo wachinayi ndinapita m'mawa, ndikudziwa kuti mayiyo amakhala ali kudimba. Pakhomo panali zii. Ndinaika sowo panthambi yaikulu. Ndinaganiza kuti ndidula, akabwera apeza zatha, alira tsiku limodzi, pakatha zaka ziwiri adzandithokoza. Ndinakoka kamodzi. Utuchi unagwera paphazi langa.

"Pitirizani, aphunzitsi."

Anali ataima pakona pa nyumba, khasu paphewa. Sanakuwe. Anatula khasu, anakhala pakhonde.

"Pitirizani. Inu mumadziwa zonse."

Sowo inandilemera. Ndinaichotsa.

Anati, "Mukudziwa amene anakumba dzenje limenelo? Bambo a Rute. Anali mkamwini pano, ndipo mukudziwa kuti mkamwini sadzala mtengo pamudzi pa eni ake, amati mawa andithamangitsa, adye ndani. Alongo anga ankamuseka akukumba. Iye anati, ine pano sindichoka, ndidzadya malalanje ndili ndi imvi. Anakatunga madzi kusukulu kwanu miyezi iwiri, akutsokomola. Anamwalira mtengo usanachite maluwa. Nthambi zimene mukufuna kugwetsazo ndi zimene ankazithirira iye. Kaya ndi mandimu, kaya n'chiyani."

Ndinati, "Mayi, buku lija..."

"Za buku ndamva. Mwauza mudzi wonse za buku. Buku linabwera pano kudzatiuza kuti tikumbe? Ine ndikufuna ndimve kuti chinachitika n'chiyani."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibe ana asukulu, panalibe akuluampingo, nkhuku zokha. Komabe mawuwo anandiwawasa kuposa ndimu wa a Jemusi.

"Ndinachenjezedwa kawiri," ndinatero. "Munthu wodziwa anandiuza mitengo isanachoke m'nazale. Ndinamumenya dzanja chifukwa sadziwa kuwerenga. Amuna anu anatunga madzi pachabe chifukwa cha ine. Si buku."

Anafikisa dothi la kukhasu ndi chala. Kenako anaimirira, anazungulira mtengo, anagwira nthambi ziwiri za kum'mawa.

"Izi dulani. Za kumadzulozi musakhudze."

"Mayi, ndimu ndi wamphamvu. Mukamusiya adzapondereza lalanje. Pafunika munthu wodzamuchepetsa chaka ndi chaka."

"Miyendo muli nayo."

Ndinadula ziwirizo. Koma pobwerera mtima sunakhale pansi, chifukwa akuluampingo anati zakonzeka, sanati theka.

Tsiku lomaliza la msonkhano, anthu atadzaza pabwalo la misasa, a Yeremiya anayamba kuitana makomo. Mmodzimmodzi ankaimirira n'kunena kuti zakonzeka. A Jemusi anati, "Masamba akununkha bwino, koma ulendo uno ayambe kulawa ndi abusa." Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Ndinali kumbuyo, chipewa ndachipinda m'manja mpaka kuthyoka.

"Amake Rute a ku Chimaliro."

Anaimirira pakati pa amayi, anakonza mpango.

"Kwanu zakonzeka?"

"Theka."

Bwalo lonse linachita phokoso. A Yeremiya anakweza dzanja. "Mayi, tinagwirizana kuti likatsala khomo limodzi, aphunzitsiwa munda ausiya. Mukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa. Theka linalo ndakaniza ndine, iwo sowo anabwera nayo katatu."

"Ndiye tilembe chiyani?"

"Lembani zimene mukufuna, ine sindiwerenga. Koma mukapatsa munda mwana uyo, adzayamba kumene kulakwa, ndipo tidzakumbanso maenje. Awa alakwa kale, pakhomo panga anena ndi pakamwa pawo. Asiyireni. Akadzayambanso kutukumuka, muzingowatumiza kwathu adzathyole za kumadzulo."

A Yeremiya anayang'ana mzungu, mzungu anayang'ana pansi akubisa kuseka. Kenako mkuluyo ananyowetsa pensulo palilime, analemba, n'kunena osandiyang'ana n'komwe:

"Aphunzitsi, mawa ndi Lamlungu. Kabichi wa sukulu wafota, anthu amisasa amuponda. Mulawirire."